A Alufeyo a ku Nazale ndi Ana Awo Awiri

A Alufeyo Namakhwa anagwira ntchito pa nazale ya mitengo ya paini pamwamba pa Phiri la Zomba kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ntchito yawo inali kuthira dothi m'machubu, kufesa, kuthirira, kuzula udzu, ndi kusanja mbande m'mabedi mpaka zitafika pokadzalidwa kumene mitengo yadulidwa. Ankakhala kumtunda kwa Mtiya m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera phirilo wapansi kudzera njira yachidule, akupatsana njira ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni. Makolo awo anachokera ku Mozambique n'kudzakhazikika ku Phalombe. Iwo anabadwira ku Phalombeko, sukulu anailekezera Sitandade 5, ndipo Chilomwe ankachimva bwino ngakhale kuti poyankhula ankachita kukoka.

Sanali munthu wa nkhani zambiri. Anzawo a pa nazale ankawadziwa ndi chinthu chimodzi: ankatha kuyang'ana bedi la mbande n'kunena kuti izi ndi izi sizifika sabata ya mawa, ndipo sizinkafikadi. Akafunsidwa kuti adziwa bwanji, ankangoti amaziona tsiku ndi tsiku.

Akazi awo, mayi Abigail, ankagulitsa masitiroberi ndi mapichesi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Ana anali awiri, Ellen wobadwa mu 2011 ndi Dan wobadwa mu 2014.

Ellen anayamba kuyankhula asanayambe kuyenda bwinobwino. Ali ndi zaka zinayi ankawerenga. Palibe anamuphunzitsa mwadongosolo. Ankakhala pafupi ndi amayi ake pamsewu paja, n'kumatenga nyuzipepala zakale zimene ankayala m'madengu a zipatso, kuloza chilembo n'kufunsa kuti ichi chimati chiyani. Akauzidwa kamodzi sankafunsanso. Mayi Abigail ankaona ngati ndi masewera, mpaka tsiku lina mwanayo anawawerengera zolembedwa kumbuyo kwa lole ya matabwa imene inkadutsa.

Chimene chinaimitsa mutu a Alufeyo sichinali kuwerengako. Mu 2016 atsibweni awo, a Herbert, anabwera kuchokera ku Phalombe kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo anakhala pakhomopo masabata awiri. A Herbert ankayankhula Chilomwe chokhachokha ndi mphwawoyo. Lamulungu lina masana onse anali pakhonde akusenda nandolo, ndipo Ellen, amene ankamvetsera zokamba zawo, anatembenukira kwa mkuluyo.

"Anganga, mutu pa Chilomwe ndi muru?"

A Herbert anasiya kusenda. "Wakuuza ndani?"

"Palibe. Inu mukati mooro ndiye moto. Mukati murima ndiye mtima. Dzulo munati araru mukuloza ana atatu aja. Pamene ife timati to, ti, ta, inu mumati ro, ri, ra. Ndiye mutu ndi muru."

Mkuluyo anavomera kuti ndi muru. Ellen anayang'ana uku ndi uku kufuna chinthu china, n'kugwira tebulo.

"Ndiye ili ndi rebulo?"

A Herbert anaseka mpaka kutsokomola. Ellen sanaseke. Anafuna kudziwa chifukwa chake apa zakanika. Bambo ake anaganiza pang'ono n'kumuuza kuti mwina n'chifukwa choti tebulo ndi mawu obwera ndi azungu, si athu. Mwanayo anagwedeza mutu n'kubwerera ku nandolo. A Alufeyo anali atamva zilankhulo ziwirizi kwa moyo wawo wonse osazindikira zimenezi. Madzulo ake anauza akazi awo kuti mwanayu samangoloweza, amachita kusanja zinthu m'mutu n'kupeza pamene zikufanana.

Kuyambira pamenepo anayamba kumuonetsa kwa anthu. Kutchalitchi ankamupatsa buku la nyimbo kuti awerenge pamaso pa akuluampingo. Loweruka akapita kukathandiza akazi awo pamsewu, ankaitana madalaivala a malole odikira matabwa kuti adzamve mwana wa zaka zisanu akuwerenga Chingerezi. Anthu ankaomba m'manja, ena ankagula zipatso zimene sanakonze zogula. Ellen ankawerenga mwachangu, akuyang'ana bambo ake akamaliza mzere uliwonse.

Loweruka lina dalaivala wina anatulutsa kapepala ka m'kabokosi ka mankhwala, ka zilembo zing'onozing'ono. Ellen anawerenga mizere iwiri, kenako anafika pa liwu lalitali la dzina la mankhwalawo. Anayesa kamodzi, kawiri, katatu. Wina mwa amunawo anati, "Batire yatha," ndipo onse anaseka. A Alufeyo anaseka nawo.

Ellen anabweza kapepalako ndi manja awiri n'kukakhala kuseri kwa madengu. Kwa miyezi iwiri sanawerengenso mokweza, ndipo mafunso ake, amene kale ankatopetsa nyumba yonse, anatha. Bambo ake ankati ndi matama. Mayi Abigail anawasiya masabata angapo, kenako anawauza ali kuchapa, osadzutsa n'komwe mutu.

"Bambo a Ellen, mwanayu si wailesi yoti muzitsegula kukabwera alendo. Madalaivala aja sawadziwa. Munthu amene mwanayu anamuona akuseka ndi inu."

Patapita masiku a Alufeyo anabwera kunyumba ndi botolo la mankhwala opopera mbande, amene malangizo ake anali m'Chingerezi. Anamuitana Ellen kuseri kwa nyumba kumene kunalibe munthu, n'kumuuza kuti sakudziwa muyeso wake ndipo akalakwitsa mbande zipsa. Zinali zoona. Ellen anayang'ana botololo nthawi yaitali, kenako anawerenga motsitsa mawu, akudumpha mawu amene sankawadziwa, mpaka anapeza manambala. Atamaliza anafunsa:

"Ababa, tsiku lija munaseka chifukwa chiyani?"

"Ndinachita manyazi, ndiye ndinaseka. Ndinalakwa."

"Munthu akachita manyazi amaseka?"

"Ena amatero."

Ellen anawabwezera botololo. Mafunso anabwerera pang'onopang'ono. Bambo ake sanamuimikenso pamaso pa anthu, ndipo alendo akapempha kuti amve mwana wodziwa kuwerenga uja, ankawauza kuti watanganidwa.

Dan anali wosiyana kwambiri ndi mlongo wake. Anafika zaka zitatu akunena mawu owerengeka. Munthu akamufunsa kanthu ankangomuyang'ana, ndipo asanatsegule pakamwa Ellen amakhala atamuyankhira kale. Anthu apafupi ankati nzeru zonse anatenga ndi mkuluyo. Ena ankalangiza zopita naye kwa asing'anga. Mayi Abigail anapita naye kuchipatala, kumene anamuyeza makutu n'kupeza kuti amamva bwinobwino. Chodabwitsa chinali choti nthawi zina ankanena chinthu chosagwirizana ndi nkhani iliyonse imene inalipo, monga pakati pa chakudya kungoti "chifukwa chanyowa," kenako n'kupitiriza kudya. Pakhomopo anazolowera kusamulabadira.

Mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri, a Alufeyo ankatenga ana onse awiri kupita nawo ku nazale kuti asamangoyendayenda m'tauni. Ellen ankatopa msanga. Ankawerenga zikwangwani zonse, kufunsa antchito mafunso mpaka kuwakwiyitsa, n'kumapempha kupita kukaona damu la Mulunguzi. Dan ankakhala pa chitsa pafupi ndi mpopi, kuyang'ana bambo ake akugwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Nthawi imeneyo panali vuto m'mabedi anayi amene a Alufeyo ankasamalira okha. M'bedi lililonse, mbande za kumapeto, kutali ndi mpopi, zinkachita chikasu ndi kufupika pamene zinazo zinkakula bwino. Dothi linali limodzimodzi, mbewu imodzimodzi. Anakumba machubu angapo kufuna mphutsi, osapeza kanthu. Lolemba lina anaima kumapeto kwa bedi atagwira m'chiuno, n'kudziyankhulira okha kuti kodi mbandezi zikudwala chiyani.

Lachisanu akutsika phiri, Ellen ali kutsogolo akuimba, Dan anakoka malaya a bambo ake.

"Ababa, mumathamanga."

"Ndikuthamanga? Watopa?"

"Ayi. Kumapeto. Kheni ikapepuka mumathamanga."

A Alufeyo anayenda mapazi angapo asanamve chimene mwanayo ankanena. Kenako anaima. Pothirira ankayambira ku mpopi nthawi zonse, kheni ili yodzaza ndi yolemera, akuyenda pang'onopang'ono. Pofika kumapeto kheniyo imakhala yatsala pang'ono kutha, ndipo ankafulumira kuti madziwo akwanire bedi lonse. Ankachita zimenezi tsiku lililonse osadziwa. Lolemba lotsatira anayamba kuthirira kuchokera kumapeto kuja, ndipo patatha masabata atatu mbande zambiri zachikasu zija zinabiriwira, ngakhale kuti sizinafanane msinkhu ndi zinzake.

Sanauze anzawo a pa nazale kuti wawathandiza ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Koma anayamba kutchera khutu ku mawu a Dan osagwirizana ndi nkhani aja. Akamva amodzi, ankabwerera m'mbuyo m'maganizo, dzulo, dzana, kufunafuna funso limene linafunsidwa mwanayo alipo. Kawirikawiri ankalipeza. Dan ankayankha mafunso onse, kungoti ankayankha patapita masiku, pamene wofunsayo waiwala kale. Anaonanso kuti mwanayo sayankha zimene wangomva, amayankha zimene waziona zikuchitika kangapo.

Kunyumba anaika lamulo loti Dan akafunsidwa kanthu, Ellen asamuyankhire.

"Koma amachedwa, ababa! Ine ndimakhala ndadziwa kale."

"Ukadziwa, ukawanong'oneze amayi ako. Aliyense adziwa kuti unadziwa."

Ellen anadana nalo lamulolo, ndipo kwa kanthawi ankanong'oneza mokweza dala kuti Dan amve. Mayi Abigail nawonso sankagwirizana nalo nthawi zonse. Ankati munthu sangadikire masiku anayi kuti adziwe ngati mwana wasamba. Anagwirizana kuti mafunso a kusamba ndi kudya aziyankhidwa pompopompo, enawo azidikira.

Chaka chotsatira Dan anayamba Sitandade 1 pa sukulu ya pulayimale ya kufupi ndi kwawo. M'kalasimo munali ana opitirira zana limodzi. Aphunzitsi ake, a Hopewell, anali ataphunzitsaponso Ellen, ndipo ankayembekezera kuti mlongo wake akhala chimodzimodzi. Pakutha pa chaka analembera makolo kuti Dan abwereze kalasi, chifukwa sayankha m'kalasi ndipo pa mayeso amalemba mafunso awiri kapena atatu nthawi n'kutha.

A Alufeyo anapempha tsiku kuntchito, anavala jekete la kutchalitchi, n'kupita kusukuluko. Anawapeza a Hopewell pansi pa mtengo akuchonga makope.

"Aphunzitsi, sindinabwere kudzakangana. Ndabwera kudzakuuzani mmene mwanayu amaganizira, mwina zingakuthandizeni."

"Bambo Namakhwa, ana sakhala ofanana. Ellen ndi wina, uyu ndi wina. Musadandaule, kubwereza si matenda."

"Ndikudziwa. Koma awiri kapena atatu amene amalembawo, amakhoza kapena amalakwa?"

A Hopewell anafufuza mulu wa mapepala n'kupeza la Dan. Analiyang'ana, n'kufunanso la teremu yapitayo. Zonse zimene mwanayo analemba zinali zokhoza. A Alufeyo anafotokoza nkhani ya kheni ija mwachidule, akuyang'ana pansi. Kenako anapempha chinthu chimodzi: kuti aphunzitsiwo amufunse Dan funso m'mawa, asadikire yankho, adzamufunsenso poweruka. Asamupatse kuti apite nalo kunyumba, chifukwa angaganize kuti wamuuza ndi mlongo wake.

A Hopewell anati ali ndi ana zana ndi makumi awiri, sangalonjeze zambiri, koma ayesa. Anayesadi kwa sabata imene inatsala sukulu isanatsekere. Pa mafunso asanu, Dan anayankha atatu poweruka, limodzi anayankha mawa lake, ndipo limodzi sanayankhe konse. Limene linawadabwitsa aphunzitsiwo linali lovuta kwambiri pa onsewo, limene anatenga m'buku la Sitandade 3.

Komabe Dan anabwereza kalasi. Malikisi a mayeso anali atalembedwa kale, ndipo a Alufeyo atapemphanso tsiku kuntchito n'kupitanso kusukuluko, a Hopewell anawauza poyera kuti mu Sitandade 2 mwanayo akakumana ndi mphunzitsi wina amene sadzamudikira, pamene akatsala, iwo akhala naye chaka china akumudziwa. A Alufeyo anavomera. Pobwerera sanapite kunyumba, anakwera phiri ndi jekete lomwelo n'kukagwira ntchito theka la tsiku limene anapempha kale. Dan atauzidwa sanalire. Patatha masiku atatu anafunsa ngati adzakhale pamalo pake pomwe paja, pafupi ndi zenera, ndipo anauzidwa kuti inde.

M'chaka chachiwiricho a Hopewell ankamulembera funso pakona pa bolodi m'mawa n'kulisiya pomwepo tsiku lonse. Ana ena ochepa, amene nawonso sankakweza manja, anayamba kuliyankha. Dan anaphunzira kufulumira pang'ono, makamaka pa masamu. Sanakhalepo nambala wani. Pofika Sitandade 4 ankakhoza masamu ndi sayansi kuposa onse m'kalasi, koma maphunziro ofuna kulemba zambiri ankamutsitsa, ndipo ankathera pakatikati.

Ellen ankakhala nambala wani chaka chilichonse, ndipo aphunzitsi anafuna kumudumphitsa kalasi kawiri. Koyamba makolo ake anavomera, kachiwiri anakana, chifukwa mayi Abigail sanafune kuti mwana wa zaka khumi azikhala ndi atsikana otha msinkhu. Bambo ake ankaona mwa iye chinthu chimene aphunzitsi sankachiona. Ellen akaona zinthu zitatu zofanana ankapanga lamulo nthawi yomweyo, ndipo likamukanika ankakwiya kapena kulisiya osafuna kulionanso. Tsiku lina analengeza kuti nkhungu ikaphimba phiri m'mawa, masana sikugwa mvula, chifukwa waona choncho masiku asanu. Amayi ake anamumvera n'kusiya ufa pamkeka, ndipo unanyowa wonse. Ellen anadzitsekera m'chipinda. A Alufeyo sanamukalipire. Anamugulira kope n'kumuuza kuti azilemba nkhungu ndi mvula tsiku lililonse mpaka Epulo, kenako adzawauze chimene wapeza. Analemba kwa masabata asanu ndi awiri n'kusiya, kunena kuti zikumutopetsa. Iwo sanamukakamize. Anauza akazi awo kuti masabata asanu ndi awiri ndi ambiri kwa Ellen.

Pali zambiri zimene a Alufeyo sanathe kuchita. Homuweki ya Ellen inawapitirira ali Sitandade 5. Mabuku panyumbapo anali Baibulo, buku la nyimbo, ndi amene Ellen ankabwereka ku laibulale ya m'tauni. Ana akafunsa chimene iwo sakudziwa ankanena kuti sakudziwa, kenako n'kufunsa kuti, "Iwe waganiza bwanji?" Ankamvetsera yankho lonse mpaka kumapeto, ngakhale litakhala lolakwika, chifukwa ankati polakwapo ndi pamene amaonera njira imene mwanayo wadzera. Mayi Abigail ankati amuna awo amamvetsera ana ngati akumvetsera mlandu.

Mu 2023 bondo lakumanzere linayamba kuwavuta, ndipo kukwera phiri tsiku ndi tsiku kunakanika. Anasiya ntchito n'kutsegula nazale yawoyawo kuseri kwa nyumba, ya mbande za mapeyala, malalanje, mibawa ndi paini pang'ono. Ellen anasankhidwa kupita ku sekondale ya ku Masongola, kumene amayenda wapansi. Masiku ano amati adzakhala loya, mwezi watha ankati dokotala. Amatsutsana ndi bambo ake pa nkhani za pa wailesi, ndipo kawirikawiri amapambana, chifukwa iwo amatopa msanga ndi kuyankhula.

Dan ali Sitandade 5. Chaka chino mbuzi za aneba zinayamba kulowa m'nazale chifukwa ogula mbande amasiya chitseko cha mpanda chotsegula. Dan anati apanga chitseko chodzitsekera chokha, ndi chingwe, mwala, ndi gudumu lakale la wilibala. Anayamba mu Juni. Kwa masabata atatu chitsekocho chinkatsekeka theka n'kuima. A Alufeyo anaona tsiku loyamba lomwe kuti mzati wapendekeka, koma sananene. Mbuzi zinadya mbande makumi anayi za malalanje, ndipo mayi Abigail anati ngati pofika kumapeto kwa mwezi chitsekocho sichitsekeka, amangapo waya okha ndipo palibe amene awaletse.

Dan anaupeza mzatiwo kutatsala masiku awiri. Anaukumba, kuuwongola, n'kuwonjezera mwala wachiwiri pachingwe. Tsopano chitsekocho chimatsekeka, koma mwamphamvu kwambiri, moti munthu wonyamula mbande amayenera kulowa cham'mbali n'kuchitchinga ndi phewa. Ogula ena amadandaula. Dan akuti akudziwa, ndipo akuganizabe.